Carmina Burana: Nyimbo ya Mowa, Chikondi ndi Gudumu la Mwayi Imene Ambiri Amaiyesa ya M'tchalitchi

Pali kachigawo ka nyimbo kamene anthu ambiri anakamvapo ngakhale sadziwa dzina lake. Kamamveka pa wailesi ya kanema akamalengeza masewero aakulu a mpira kapena a nkhonya, m'mafilimu pamene asilikali akuthamangira kunkhondo, ndiponso m'timavidiyo ta pa intaneti pamene wina akufuna kukuza kanthu kakang'ono kuti kaoneke ngati tsiku la chiweruzo. Ng'oma yaikulu imagunda, kwaya imafuula mawu awiri akuti "O Fortuna", kenaka onse amatsika mpaka kunong'ona, ndipo kunong'onako kumapitirira mothamanga mpaka kudzaphulikanso. Poti mawu ake ndi a Chilatini, chilankhulo chimene ambiri a ife timachidziwira ku Misa ya Akatolika, ena amaganiza kuti ndi nyimbo ya mapemphero, pamene ena, pomva kuopsa kwake, amaikayikira kuti ndi ya mizimu yoipa. Onsewo amaphonya. Kachigawoka, kamene kamatenga mphindi ziwiri ndi theka zokha, ndi khomo la nyimbo yaitali pafupifupi ola lathunthu yotchedwa Carmina Burana, imene anapeka Carl Orff wa ku Germany, ndipo mkati mwake muli anyamata ndi atsikana ofunana, zidakwa zotchova njuga, ndi mbalame imene ikudandaula ili pamoto.

Buku lachikopa la ku Benediktbeuern

M'chaka cha 1803 boma la Bavaria, kummwera kwa Germany, linalanda nyumba za amonke pamodzi ndi katundu wake, ndipo mabuku akale a m'nyumbazo anatengedwa kupita ku laibulale ya mumzinda wa Munich. Mmodzi mwa anthu amene anatumidwa kukasankha mabukuwo, Johann Christoph von Aretin, atafika ku nyumba ya amonke ya Benediktbeuern m'munsi mwa mapiri a Alps, anapeza buku lolembedwa pamanja pa zikopa limene linali losiyana ndi anzake. Munali ndakatulo ndi masewero 254, zambiri m'Chilatini, zina m'Chijeremani chakale, ndipo zingapo zinali ndi mawu a Chifalansa chakale. Bukuli likusungidwabe ku Munich mpaka lero. Amene analisindikiza lonse koyamba, m'chaka cha 1847, anali katswiri wa zilankhulo Johann Andreas Schmeller, ndipo ndiye analipatsa dzina: "carmina" ndi nyimbo, "burana" ndi za ku Beuern, ndiko kuti Benediktbeuern. Dzinalo likunena kumene bukulo linapezeka, osati kumene linalembedwa, pakuti akatswiri ambiri tsopano amakhulupirira kuti linakoperedwa cha m'ma 1230 kwina kummwera, m'madera amene lero ali ku Austria kapena kumpoto kwa Italy.

Amene anasonkhanitsa ndakatulozi anaziika m'magulu. Pali zodzudzula makhalidwe, makamaka umbombo wa akuluakulu a mpingo amene ankagulitsa maudindo. Pali za chikondi, zimene ndizo zochuluka. Pali za mowa ndi njuga. Ndipo kumapeto kuli masewero achipembedzo a Khirisimasi ndi a masautso a Khristu. Munthu angadabwe kuti zinthu zoterezi zinakhalira limodzi bwanji m'buku limodzi, koma kwa anthu ophunzira a nthawi imeneyo Chilatini chinali chilankhulo cha zonse: ankapempherera momwemo, kuphunzirira malamulo momwemo, ndipo akafuna kunyogodola bishopu kapena kufunsira mtsikana ankatero m'chilankhulo chomwecho.

Alakatuli ambiri a m'bukuli sadziwika mayina. Mwambo umati anali agoliyadi, dzina limene linkaperekedwa kwa ophunzira ndi atumiki aang'ono a mpingo amene ankayendayenda kuchoka pa sukulu ina kupita pa ina, matumba ali pululu, akudya za kupempha ndi za kuimba. Chithunzi chimenechi n'chokoma, koma chiyenera kutengedwa mosamala, chifukwa ena mwa alakatuli amene adziwika, monga Peter wa ku Blois ndi Walter wa ku Châtillon, anali anthu a maudindo amene ankatumikira mafumu ndi mabishopu. Wina amene amangodziwika ndi dzina loti Archipoeta, kutanthauza mlakatuli wamkulu, ankasungidwa ndi Rainald wa ku Dassel, bishopu wamkulu wa Cologne m'zaka za m'ma 1160. Munthu wotere akalemba kuti iye ndi chidakwa chopanda pogona, n'kutheka kuti ankangovala chigoba kuti aseketse bwana wake, monga amachitira wanthabwala pabwalo la mfumu.

Chinthu china chofunika kumvetsa ndi mtundu wa Chilatini chimenechi. Alakatuli a ku Roma wakale ankayeza mizere yawo potsata kutalika ndi kufupika kwa maphatikizo, ndipo sankasamala zoti mathero a mizere afanane. Alakatuli a m'zaka za m'ma 1100 anasiya njira imeneyo n'kuyamba kulemba mizere yaifupi yogunda mofanana, yothera ndi mawu omveka mofanana. Ngakhale wosadziwa Chilatini akhoza kumva zimenezi akatchula mokweza kuti "O Fortuna, velut luna", kapena "semper crescis aut decrescis". Mawuwo ali kale ndi ng'oma mkati mwake. Tanthauzo lake ndi lakuti: iwe Fortuna, mwini mwayi, wofanana ndi mwezi, nthawi zonse umakula kapena umachepa.

Orff akumana ndi gudumu

Carl Orff anabadwira ku Munich m'chaka cha 1895. Pofika 1934 ankadziwika kwambiri ngati mphunzitsi kusiyana ndi wopeka nyimbo. Anali atakhazikitsa, pamodzi ndi Dorothee Günther m'chaka cha 1924, sukulu yophunzitsa magule ndi nyimbo, kumene anayambitsa njira yophunzitsira yotchedwa Schulwerk, imene imayambira pa kulankhula, kuwomba m'manja, kuponda pansi ndi kuimba zida zosavuta zogogoda, zina zofanana ndi mangolongondo. Pa 29 March 1934 analandira buku la Schmeller kuchokera kwa wogulitsa mabuku akale wa ku Würzburg. Malinga ndi zimene iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake, atatsegula tsamba loyamba anaona chithunzi cha gudumu la Fortuna ndi ndakatulo ili m'munsi mwake, ndipo tsiku lomwelo anayamba kulemba maimbidwe ake.

Fortuna anali mulungu wamkazi wa mwayi kwa Aroma, ndipo anthu a m'zaka zapakati, ngakhale anali Akhristu, anapitiriza kumugwiritsa ntchito ngati fanizo. Pa chithunzicho iye wakhala pakati pa gudumu, ndipo m'mbali muli anthu anayi, kapena tinene munthu mmodzi pa nthawi zinayi. Wina akukwera akuti "ndidzalamulira", wina wakhala pamwamba ndi chisoti akuti "ndikulamulira", wina akugwa chisoti chikupulumuka akuti "ndinalamulira", ndipo wotsiriza wagona pansi pa gudumu akuti "ndilibe ufumu". Ife tikanangoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kusiyana kwake n'kwakuti m'ndakatulozi mulibe chitonthozo chilichonse: mlakatuli akudandaula kuti Fortuna amasungunula umphawi ndi ulamuliro womwe ngati madzi oundana, ndipo akutsiriza ndi kuitana onse kuti alire naye.

Mothandizidwa ndi Michel Hofmann, mnyamata wa ku Bamberg wodziwa bwino Chilatini, Orff anasankha ndakatulo 24 n'kuziyala m'zigawo 25, popeza "O Fortuna" imaimbidwa kawiri, poyamba ndi pomaliza, kuti nyimbo yonseyo izungulire ngati gudumulo. Anailemba m'zaka za 1935 ndi 1936, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt pa 8 June 1937, wotsogolera oimba ali Bertil Wetzelsberger. Ndanena kuti inaonetsedwa, chifukwa Orff sanailembe kuti anthu azingoimirira m'mizere atagwira mabuku. Dzina lake lonse la Chilatini limanena za nyimbo zosakhala zachipembedzo, zoimbidwa ndi oimba paokha ndi makwaya, motsagana ndi zida ndiponso zithunzi zamatsenga, ndipo ku Frankfurt kunali zovala, magule ndi zokongoletsa pabwalo. Masiku ano kawirikawiri imangoimbidwa popanda sewero, ngakhale magulu ovina amaitengabe.

Zimene zili mkati

Gudumu likangotha kulira, nyimbo imalowa m'gawo la nyengo ya kuphukira kwa mitengo. Kwa munthu wa ku Ulaya wa m'zaka za m'ma 1200, amene wakhala miyezi yambiri m'nyumba yautsi chisanu chitaundanitsa mitsinje, kubwerera kwa dzuwa kunali ngati mmene fungo la chizimalupsa limatichitira ife dziko litauma gwa. Gawoli limayamba mwakachetechete kwambiri, ndi kwaya yaing'ono ikuimba mawu amodzi onse ngati amonke, ndipo pang'onopang'ono limatentha mpaka kufika pa dambo lovinirapo, pamene chilankhulo chimasinthira ku Chijeremani chakale. Apa mtsikana akuuza wamalonda kuti amupatse utoto wofiiritsa masaya kuti anyamata amukonde, afune asafune. Atsikana ena akuvina mozungulira akudzitama kuti chilimwe chonse akhala opanda mwamuna. Gawolo limatha ndi mnyamata akulumbira kuti dziko lonse likanakhala lake, kuyambira kunyanja mpaka ku mtsinje wa Rhine, akanalisiya kuti mfumukazi ya ku England igone m'manja mwake.

Gawo lachiwiri limachitikira m'nyumba ya mowa, ndipo akazi saimbamo ngakhale liwu limodzi. Limayamba ndi kuulula machimo kwa Archipoeta uja, amene akudziyerekeza ndi tsamba loseweretsedwa ndi mphepo ndiponso ngalawa yopanda woyendetsa, koma kulapa kwakeko n'kodzitama. Kenaka pamabwera chigawo chodabwitsa kuposa zonse. Chitoliro chachikulu chamtengo chotchedwa basuni, chimene ntchito yake ndi kuimba mawu apansi, chimakakamizidwa kulira pamwamba penipeni ngati chikutsamwa. Woimba wa tena, amene wakhala chete pampando kuyambira pachiyambi, amaimirira n'kuyamba kuimba m'malo mwa tsekwe woyera wa khosi lalitali: kale ndinkakhala panyanja, kale ndinali wokongola. Tsopano ali pa chitsulo chowotchera, wophika akumutembenuza, ndipo m'ndime yachitatu ali kale m'mbale akuona mano akukukutika. Ndime iliyonse ikatha, amuna a m'kwaya amayankha mwachangu kuti kalanga ine, tsopano ndada bii, ndapserera. Orff analemba mawu a tenayo pamwamba dala, pamene mawu a mwamuna amayamba kung'aluka, kuti kuvutika kwa woimba kukhale kuvutika kwa mbalameyo. Akamaliza ndime zitatuzo amakhala pansi, ndipo ntchito yake ya usiku umenewo yathera pomwepo.

Womutsatira ndi mkulu wa amonke wa ku Cucania, dziko longopeka la alesi ndi adyera, amene akulalikira mwa kaimbidwe ka m'tchalitchi kuti womufunafuna m'mawa kumowa adzatuluka madzulo ali maliseche, zovala zitapita pa madayisi. Kenaka amuna onse amalowa m'nyimbo yotchuka ya zidakwa, imene imawerenga anthu amene akuwamwera: akaidi, amoyo, Akhristu onse, akufa, oyenda panyanja, olapa, a paulendo, mpaka papa ndi mfumu. Ikatero imawerenganso akumwawo, ndipo liwu loti "bibit", kutanthauza akumwa, limabwerezedwa mothamanga ngati mvula padenga la malata: akumwa dona, akumwa bwana, akumwa msilikali, akumwa wansembe, wosauka, wodwala, nkhalamba, mayi, mazana, zikwi.

Gawo lachitatu, bwalo la chikondi, ndilo limene anthu odziwa "O Fortuna" yokha sangaliyembekezere. Limatsegulidwa ndi kwaya ya ana ndi zitoliro zofewa. Woimba wa sopulano akufotokoza za mtsikana woima atavala kansalu kofiira kamene kamachita phokoso munthu akakakhudza. Pambuyo pake, m'chigawo chotchedwa "In trutina", ndiko kuti pa sikelo, mtsikanayo akuyeza kudzisunga mbali ina, chilakolako mbali ina, ndipo nyimboyo ndi yofatsa moti m'holo mumangoti zii. Akasankha, amaimba mzere umodzi wokha, pafupifupi popanda zida, mawu ake akulumphira pamwamba kwambiri: wokondedwa koposa, ndadzipereka ndense kwa iwe. Kwaya yonse imayankha ndi nyimbo yotamanda mtsikanayo m'mawu obwerekedwa ku nyimbo zolemekeza Maria, koma mayina otchulidwa ndi a Blanziflor ndi Helena, akazi okongola a m'nthano zakale, ndi Venus, mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma. Chisangalalocho chikafika pachimake penipeni, ng'oma ija imagundanso, ndipo tabwerera pamene tinayambira.

Mphamvu yake imachokera kuti

Nyimbo zazikulu za ku Germany za m'zaka za m'ma 1800 zinkamangidwa potenga kanyimbo kakang'ono n'kumakasintha, kukatambasula ndi kukalukana ndi tina, kotero kuti womvera ayenera kutsatira ulusi wautali. Orff anakana zonsezo. Ndime yoyamba ikaimbidwa, yachiwiri ndi yachitatu zimabwereza maimbidwe omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti zida zawonjezeka kapena liwiro lakwera. Pansi pake pamakhala kachidutswa kobwerezedwabwerezedwa kamene oimba amakatcha ositinato, ndipo aliyense amene anamvapo amayi awiri akusinja pamtondo umodzi akudziwa mmene kugunda kosasintha kumanyamulira nyimbo. Mawu a kwaya kawirikawiri amayendera pamodzi ngati khoma, osalukanalukana. Okesitila, ndiko kuti gulu lalikulu la oimba zida, ili ndi mapiyano awiri ndi anthu angapo ogogoda ng'oma, mabelu ndi zitsulo, ndipo ngakhale mavayolini nthawi zambiri amagwira ntchito ya ng'oma. Odziwa mbiri ya nyimbo amaona apa chala cha Igor Stravinsky, makamaka nyimbo yake ya ukwati wa kumudzi ku Russia yotchedwa Les noces.

Kuphweka kumeneku ndiko kumagawanitsa anthu. Oikonda amati Orff anabwezera nyimbo ku thupi, ku mapazi ndi ku mpweya, ndipo anapatsa makwaya a anthu wamba nyimbo yaikulu imene angathe kuiphunzira. Oikayikira amati ndi nyimbo yomenya womvera m'malo momulankhula, ndipo kuti chimene chimaipangitsa kugulitsa bwino mafuta onunkhira pa kanema ndicho chomwe chingaipangitse kutumikira wolamulira aliyense wofuna kutenthetsa khamu. Orff mwini wake sankakayika. Atangoionetsa koyamba anauza kampani yosindikiza nyimbo zake ya Schott kuti zonse zimene analemba kale zikhoza kuwonongedwa, pakuti ntchito zake zikuyambira pa Carmina Burana. Pambuyo pake anawonjeza nyimbo zina ziwiri, Catulli Carmina ndi Trionfo di Afrodite, n'kutcha zitatuzo Trionfi, koma ziwirizo sizinayandikire n'komwe kutchuka kwa yoyambayo.

Mthunzi wa 1937

Chaka ndi malo a chionetsero choyamba sizingalambalalidwe, pakuti Germany inali m'manja mwa chipani cha Nazi. Poyamba nyuzipepala ya chipanicho, Völkischer Beobachter, inaidzudzula kudzera mwa wolemba wake Herbert Gerigk, ndipo mawu a Chilatini, nkhani za chiwerewere ndi magundidwe achilendo zinakayikitsa akuluakulu ena. Koma m'zaka za nkhondo nyimboyi inafala m'mizinda yambiri ya Germany ndipo boma linailandira. Orff sanalowe chipani cha Nazi. Komabe analemba nyimbo za ana za pa mwambo wa masewero a Olimpiki a ku Berlin mu 1936, ndipo anavomera pempho la mzinda wa Frankfurt lolemba nyimbo za sewero la Shakespeare, A Midsummer Night's Dream, pa nthawi imene nyimbo zotchuka za Felix Mendelssohn za sewero lomwelo zinali zoletsedwa chifukwa anali wa mtundu wa Chiyuda. Omuteteza amakumbutsa kuti iye anali atayamba kale kulembera sewerolo zaka zambiri chipanicho chisanalamulire. Omutsutsa amati ankadziwa bwino chimene pempholo linkatanthauza.

Palinso nkhani ya mnzake Kurt Huber, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Munich amene anaphedwa ndi boma mu 1943 chifukwa chokhala m'gulu lotsutsa Hitler la White Rose. Wolemba mbiri Michael Kater analemba kuti nkhondo itatha Orff anauza msilikali wa ku America amene ankamufufuza kuti nayenso anali m'gululo, zimene sizinali zoona, pamene wolemba mbiri wina, Oliver Rathkolb, anapeza kuti zikalata za kafukufukuyo sizikusonyeza mawu otero. Akuluakulu a America anamuika m'gulu la anthu osayera kwenikweni koma ololedwa kupitiriza ntchito, ndipo mkangano wa akatswiri pa za iye ukupitirirabe.

Zimbale: nyimbo imodzi, makutu osiyana

Kutchuka kwa Carmina Burana kunja kwa Germany kunayenda limodzi ndi kukula kwa luso lojambula mawu. Nyimboyi imachoka pa kunong'ona kufika pa kuphulika m'kamphindi, ndipo zimbale zakale za pulasitiki zinkavutika kusunga zonse ziwirizo: akakweza kuti kunong'ona kumveke, ng'oma yaikulu inkasokoneza singano. Choncho luso latsopano lililonse likatuluka, makampani ankathamangira nyimboyi kuti aonetse zimene makina awo angathe.

Dzina loyamba kulidziwa ndi la Eugen Jochum, amene anaijambula kawiri ndi kampani ya Deutsche Grammophon, koyamba ku Munich kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, kenaka mu 1967 ndi kwaya ndi okesitila ya Deutsche Oper Berlin. Chimbale chachiwirichi chinatuluka ndi chivomerezo cha Orff mwini, ndipo mpaka lero ndicho muyezo umene zina zimayezedwera. Sopulano ndi Gundula Janowitz, wa mawu oyera ngati madzi a pakasupe. Baritoni, ndiko kuti mawu a mwamuna a pakati pa tena ndi besi, ndi Dietrich Fischer-Dieskau. Ndipo tsekwe uja ndi Gerhard Stolze, amene amalira mokokomeza moti womvera sadziwa ngati aseke kapena amve chisoni. Ena amati Fischer-Dieskau ndi waulemu kwambiri moti sangakhale chidakwa chokhulupirika, ena amati palibe wina amene amatafuna mawu a Archipoeta momveka chotero. Chimene palibe amatsutsa ndi kuthwa kwa kwaya, imene imalavula phatikizo lililonse padera.

Orff anayang'aniranso kujambula kwa Wolfgang Sawallisch ku Cologne mu 1956. Ku America, Leopold Stokowski anaijambula ku Houston mu 1958 ndipo Eugene Ormandy ku Philadelphia mu 1960, zimbale zimene zinaifikitsa m'nyumba zambiri za kumeneko. Ku London, Rafael Frühbeck de Burgos anaijambula mu 1965 ndi okesitila ya New Philharmonia, ndipo ambiri amachifunafuna chimbalecho chifukwa cha Lucia Popp, amene "In trutina" yake ili ndi kufunda kumene Janowitz alibe. Popp anadzaimbanso mu 1973 pansi pa Kurt Eichhorn ku Munich, pamodzi ndi Hermann Prey, ndipo oimba omwewo ndiwo ali mu filimu ya Jean-Pierre Ponnelle ya 1975, imene ndi njira yapafupi yoonera zithunzi zamatsenga zija zimene Orff ankanena. André Previn, ndi London Symphony Orchestra mu 1974, anatsindika nthabwala ndi kuvina, pamene Riccardo Muti mu 1979 anaiyendetsa mwaukali ndi liwiro. Robert Shaw anaijambula ku Atlanta ndi kampani ya Telarc pamene luso la dijito linali litangoyamba, ndipo ogula makina a nyimbo ankayesera masipika awo pa ng'oma yake. Zimbale za Michael Tilson Thomas ku Cleveland, James Levine ku Chicago ndi Herbert Blomstedt ku San Francisco zinalandira mphoto za Grammy pa kaimbidwe ka kwaya. Cha Simon Rattle ndi Berlin Philharmonic chinajambulidwa pamaso pa anthu kumapeto kwa chaka cha 2004.

Wofuna kuyerekeza zimbalezi asataye nthawi pa "O Fortuna", chifukwa aliyense amaiimba mokweza ndipo kusiyana kwake n'kochepa. Ayambe ndi tsekwe: kodi tena akuimba ndi mawu athunthu a pachifuwa, kapena wathawira ku mawu aang'ono a m'mutu, kapena apatsa mwamuna woimba mawu a alito amene sakuvutika n'komwe? Kenaka amvere ngati amuna a m'nyumba ya mowa akutchulabe mawu liwiro litakwera, ndipo atsirize ndi mzere umodzi uja wa sopulano, pamene palibe chida chobisalirako.

Katchulidwe nako kamasiyanitsa zimbale. Makwaya a ku Germany amatchula Chilatini mwa njira yawo, pamene ambiri a ku England ndi ku America amatsata katchulidwe ka ku Italy, kamene ndi komwe timamva m'matchalitchi a Katolika kuno. Liwu loyamba la chigawo chotchedwa "Ecce gratum" limamveka ngati "ektse" kwa Jochum koma ngati "etche" kwa oimba ambiri a ku London, ndipo "crescis" amamveka "krestsis" kwa ena, "kreshis" kwa ena. Orff anakulira m'katchulidwe ka Chijeremani, ndipo makonsonanti ake olimba amawonjezera kugunda kwa nyimboyi, n'chifukwa chake atsogoleri ena a kunja kwa Germany amaumiriza makwaya awo kukaphunzira.

Carmina Burana ina ija

Munthu akalemba dzinali pa YouTube kapena Spotify akhoza kudabwa kumva kagulu ka anthu ochepa akuimba ndi zeze, kachitoliro ndi kang'oma, popanda kwaya yaikulu. Sanasokere. Ndakatulo zina za m'buku lachikopa lija zili ndi timizere tokhotakhota pamwamba pa mawu, totchedwa manyumu, timene tinkakumbutsa woimba kumene mawu akukwera ndi kutsika koma osanena kuti akwere motani. Orff sanagwiritse ntchito timizereti. Maimbidwe onse a nyimbo yake ndi ake. Koma akatswiri, poyerekeza ndi mabuku ena akale amene ali ndi nyimbo zomwezo zolembedwa momveka bwino, anakwanitsa kuukitsa zingapo. Gulu la Thomas Binkley la Studio der frühen Musik linajambula zoterezi m'zaka za m'ma 1960, René Clemencic ndi gulu lake m'ma 1970, ndipo Philip Pickett ndi New London Consort m'ma 1980. Zimasiyana kwambiri pakati pawo, chifukwa liwiro ndi zida n'zongoganizira.

Palinso mtundu wachitatu, umene ndi nyimbo ya Orff yomwe koma yochepetsedwa. Mu 1956 wophunzira wake Wilhelm Killmayer anaikonza kuti iimbike ndi mapiyano awiri ndi zida zogogoda zokha, ndipo Orff anavomereza, kuti masukulu ndi makwaya opanda ndalama zolipirira okesitila athe kuiimba. Kwaya iliyonse yoganiza zotero iyenera kudziwa kuti ndakatulozo n'za aliyense koma maimbidwe ali ndi mwini. Orff anamwalira pa 29 March 1982, tsiku lomwe lija limene analandira buku la Schmeller zaka 48 m'mbuyomo, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha amonke cha Andechs. Potsata lamulo la ku Ulaya la zaka 70 chimwalirire wolemba, umwini wa nyimboyi udzatha kumapeto kwa 2052, ndipo kufikira pamenepo chilolezo choiimba pagulu, kuijambula kapena kuiika m'filimu chimapemphedwa kudzera ku kampani ya Schott ya mumzinda wa Mainz.